Nyimbo ya Papepala ndi Mwini Wake

Aphunzitsi, ndi inu ana a sukulu, tengani buku la nyimbo limene muli nalo pafupi, kaya ndi la kuchalichi, kaya ndi la kwaya ya pasukulu, ndipo mutsegule masamba oyambirira. M'mabuku ambiri mudzapezamo kacizindikiro kakang'ono, cilembo ca c cokhala m'kati mwa kamzere kozungulira, ndipo pambali pake pali caka ndi dzina. Kacizindikiro kameneka kakukuuzani kuti nyimbozo zili ndi mwini. Mapepalawo ndi anu, pakuti munagula. Koma nyimbo yolembedwa pamapepalapo ndi ya munthu wina, ndipo iye ndiye ali ndi mphamvu yolola kapena yokaniza kuti nyimboyo iculukitsidwe, isinthidwe, kapena igulitsidwe. Pa Cingerezi mphamvu imeneyi amaichula copyright. Ife m'phunziro lino tidzangoti umwini wa nyimbo.

Mwina ena mwa inu mwadabwa. Kodi nyimbo ingakhale ndi mwini monga mbuzi kapena njinga? Munthu akakuberani njinga mudzayenda pansi, koma akaimba nyimbo yanu, nyimboyo ikali m'kamwa mwanu, sinacoke. Nanga waba ciani? Funso lomweli linazunguza oweruza ophunzira kwambiri kwa zaka mazana angapo, ndipo yankho lake linapezeka pang'onopang'ono, mlandu ndi mlandu.

Makolo athu analibe vuto limeneli. Mai wina posinja pamtondo ankapeka nyimbo yodandaula za ulesi wa mwamuna wake. Mlendo wocokera kutsidya la mtsinje ankaimva, napita nayo kwao, nacotsa dzina la mwamuna uja ndi kuikapo la mlamu wake, ndipo panalibe wopita kukasuma kwa amfumu. Anthu ankadziwa ndithu kuti nyimbo yakuti anaiyambitsa ndi auje, ndipo ulemu umenewo ndiwo unali malipiro ao. Panalibe cogulitsa, motero panalibenso coba. Ku Ulaya nakonso zinali comweco, kufikira pamene nyimbo inayamba kukhala papepala.

Ca m'ma 1025 ku Italy kunali mmonke, ndiye kuti munthu wodzipereka ku mapemphero ndi nchito za mpingo, dzina lake Guido wa ku Arezzo. Nchito yake inali yophunzitsa anyamata nyimbo za m'chalichi, ndipo anatopa kuona ana akutha zaka zambiri akuloweza nyimbo imodziimodzi mwa kumvetsera cabe. Tsono anakonza njira yolembera zizindikiro pamizere yoyalana, kuti diso liziona pamene mau akwera ndi pamene atsika. Ndiyenso anapatsa mau oimbira maina akuti ut, re, mi, fa, sol, la. Ut uja pambuyo pake anasanduka do, amene mukumdziwa bwino. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuimba nyimbo imene sanaimvepo cibadwire. Nyimbo inayamba kuyenda ulendo yokha m'cikwama, mwini wake atatsala kunyumba.

Wofuna kusunga nyimbo yake anali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kuibisa, monga makolo athu ankabisira nyimbo za kudambwe ndi za kutsimba. Njirayi inakhalitsa. Mu mzinda wa Rome, m'kachalichi ka Papa kochedwa Sistine Chapel, munkaimbidwa nyimbo ya Gregorio Allegri yochedwa Miserere, pa Sabata Loyera lokha. Mu 1770 mnyamata wa zaka 14, Wolfgang Amadeus Mozart, anafika kumeneko ndi atate ake. Anamvetsera nyimboyo tsiku Lacitatu, ndipo atabwerera kumene ankagona anailemba yonse kucokera m'mutu; Lacisanu anapitanso kukamvetsera kuti akonze pamene analakwitsa. Atate ake, polembera kalata mkazi wao, ananena kuti oimba a kumeneko anali oletsedwa kutulutsa kapena kukopera nyimboyo, ndipo wophwanya lamulolo akanacotsedwa mu mpingo. Papa sanamlange mnyamatayo. Patapita miyezi yocepa anampatsa mendulo yaulemu. Loko wa pacitseko sanathe kutsekera nyimbo pamene panali khutu lakuthwa ndi colembera.

Komabe kukopera ndi dzanja ndi nchito yocedwa, ndipo mlembi mmodzi sakanatha kulanda wopeka nyimbo cakudya cake. Coopsa ceniceni cinali makina osindikizira, amene pa nthawi ya Mozart anali atagwira kale nchito zaka zoposa 300. Makina amatulutsa mapepala mazanamazana ofanana, ndipo pamene pali zambiri zogulitsa pamabukanso mkangano wa ndalama. Mu 1498 Ottaviano Petrucci anapempha akulu a mzinda wa Venice kuti kwa zaka 20 pasakhale wina wosindikiza nyimbo za mau ogawana koma iye yekha, ndipo anamlola. Buku lake loyamba, la nyimbo 96, linatuluka mu 1501. Ku England, mu 1575, Mfumukazi Elizabeth Woyamba anapatsa opeka nyimbo awiri, Thomas Tallis ndi William Byrd, mphamvu yotere kwa zaka 21, ngakhale pa mapepala opanda nyimbo, ongolembedwa mizere. Malonda ao sanayende, ndipo patangopita zaka ziwiri anabwerera kwa Mfumukazi kukalira kuti ataya ndalama. Izi zinali mphatso za olamulira, zopatsidwa kwa anthu odziwika kunyumba ya mfumu. Wopeka nyimbo wamba sanaone kanthu.

Lamulo lenileni, logwira munthu aliyense mofanana, linabadwa mu 1710, pamene Nyumba ya Malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo limene limachulidwa ndi dzina la Mfumukazi Anne. Linati wolemba buku latsopano ndiye yekha ali ndi mphamvu yolisindikiza kwa zaka 14, ndipo akakhala ali moyo pakutha pa zakazo, aonjezeredwe zina 14. Zikatha zimenezo, bukulo likhale la anthu onse. Taonani kuti lamuloli linali ndi manja awiri. Dzanja lina linapatsa wolemba nthawi yokolola m'munda umene analima. Dzanja lina linaika malire, kuti nzeru zisatsekeredwe m'nkhokwe ya banja limodzi mpaka muyaya. Malamulo a umwini amene anatsatira, ndi athu omwe a muno m'Zambia, anatengera mtima womwewo, kungoti zaka zinatalikitsidwa kwambiri.

Koma lamulolo linkanena za mabuku ndi zolembedwa, ndipo ogulitsa nyimbo a mu London anati nyimbo si buku. Kwa zaka zoposa 60 ambiri a iwo anapitiriza kusindikiza nyimbo za eni ake monga anafunira. Amene anawaimitsa ndi Johann Christian Bach, mwana wa Johann Sebastian Bach wochuka uja. Iye anabadwira ku Germany, nafika ku London mu 1762, nakhala mphunzitsi wa nyimbo wa Mfumukazi Charlotte. Anapeza kuti sitolo ya Longman ndi Lukey ikugulitsa nyimbo zake ziwiri, zosindikizidwa iye osafunsidwa, ndipo mu 1773 anakasuma kukhoti. Mlandu unatha zaka zinai.

Mu 1777 woweruza wamkulu, Lord Mansfield, anagamula mokomera Bach. Maganizo ake anali osavuta kumva, ndipo ngakhale mwana wa Giredi 5 angawatsate. Anati nyimbo imalembedwa, ndipo imalembedwa ndi zizindikiro zimene zimanyamula maganizo a munthu, monga momwe masamu amalembedwera ndi manambala. Ngati buku la masamu ndi colembedwa, nanga nyimbo ilekerenji? Ananenanso kuti wogula pepala la nyimbo ali ndi ufulu woiimba, koma alibe ufulu woculukitsa mapepalawo ndi kuwagulitsa, nadya phindu la wopeka. Apa ndi pamene pali yankho la funso lathu la njinga lija. Cimene wopeka amaberedwa ndi ogula aja amene akanabwera kwa iye ndi ndalama zao. Bach mwini sanalemere nako kupambanako, pakuti anamwalira mu 1782 ali ndi ngongole zambiri. Amene anadyerera ndi opeka nyimbo obwera pambuyo pake.

Anthu a malonda sasowa pozembera. Ataona kuti kukopera nyimbo monga iliri kwaletsedwa, ena anati, nanga tikaisintha? Mu 1834 ku Paris kunatuluka sewero loimba, la mtundu umene azungu amati opera, lochedwa Lestocq, lopekedwa ndi Daniel Auber. Wosindikiza wina wa mu London, D'Almaine, anagula umwini wa nyimbo za m'sewerolo kuti azizigulitsa ku England. Mnzake wa malonda omwewo, Boosey, anayamba kugulitsa nyimbo zovina zimene katswiri wa magule wa ku France, Philippe Musard, anakonza potenga maimbidwe a Auber, nawadula apa ndi apo, nawasintha kuti agwirizane ndi mapazi a ovina. Nkhani itafika kukhoti mu 1835, a mbali ya Boosey anati izi ndi nyimbo zatsopano, za nchito ina, ndipo Musard anakhetsa thukuta lake pozikonza.

Woweruza anakana. Anati maimbidwe, amene ena timati chuni, ndiwo cinthu cimene wopeka anatulutsa m'mutu mwake, ndipo amakhala omwewo ngakhale muwasamutse kucoka pa coimbira cina kupita pa cina, kapena kuwasandutsa gule. Ngati khutu likumva kuti iyi ndi nyimbo ija, ndiye kuti yatengedwa. Ife kuno tinganene kuti mbuzi yobedwa sisanduka yanu cifukwa mwaimanga cingwe catsopano. Patapita zaka pafupifupi 30, makhoti a ku England anaonjezera mbali ina: munthu amene wakonza nyimbo ya wina mwaluso, mwacitsanzo kuti iimbidwe pa piyano, nayenso ndi mwini wa makonzedwe akewo. Ndico cifukwa cake lero tsamba limodzi la nyimbo lingakhale ndi eni atatu, wopeka maimbidwe, wolemba mau, ndi wogawa mau a soprano, alto, tenor ndi bass. Nthawi ya mwini mmodzi ingathe, ya anzake ikalipo.

Nkhondo yoopsa koposa pa mapepala a nyimbo inacitika m'miseu ya London ca m'ma 1900. Masiku amenewo kunalibe wailesi, ndipo galamafoni inali isanafale. Banja lofuna nyimbo madzulo linkagula piyano, ngakhale mwa ngongole, ndi kumagula mapepala a nyimbo zatsopano kuti ana aziimba. Pepala limodzi m'sitolo linkagulidwa shilingi imodzi ndi mapeni anai. Shilingi inali mapeni 12, monga zinaliri ndalama zathu kwacha isanabwere mu 1968, motero pepalalo linali mapeni 16. Tsono kunabuka anthu ojambula mapepala amenewa ndi njira yatsopano ya zithunzi, amene ankawasindikiza mobisa ndi kuwapereka kwa ogulitsa m'njira, ndipo awa ankagulitsa pepala limodzi pa mapeni awiri okha. Wopeka nyimbo ankamva mzinda wonse ukuimba nyimbo yake, koma m'thumba mwake muli mbee.

Osindikiza enieni analemba ganyu apolisi opuma nchito ndi amuna ena a nyonga, amene ankathyola zitseko ndi kulanda mapepala, nthawi zina mwa nkhonya. Lamulo la 1902 linalola apolisi kulanda mapepala obedwawo, koma linalibe cilango ceniceni, ndipo ogwidwa ankangochula maina abodza, mawa lake nkubwereranso pamseu. Mu 1905 osindikiza akuluakulu analengeza kuti aleka kulandira nyimbo zatsopano kufikira boma litacitapo kanthu. Mu 1906 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti kusindikiza ndi kugulitsa mapepala otere ndi mlandu wolipitsa faindi kapena wopita nao kundende, ndipo apolisi anapatsidwa mphamvu yofufuza m'nyumba. Malonda a m'njirawo anazilala.

Mtsogoleri wa anthu amenewa, James Frederick Willetts, amene ankachedwa mfumu ya mbala za nyimbo, sanali munthu wobisala. Mu 1904 anapita yekha kukalankhula pamaso pa komiti ya boma yofufuza nkhaniyi, nanena kuti osindikiza anagwirizana kukweza mitengo, ndi kuti anthu osauka naonso ayenera kupeza nyimbo pa mtengo umene angathe. Mu 1906 khoti linamlamula kukhala m'ndende miyezi 9, ndipo kumeneko kunali kuyenera, pakuti phindu lake linacokera pa thukuta la opeka amene iye sanawalipire. Koma tisafulumire kunena kuti mau ake onse anali opanda pake. Kampani ina yaikulu, Francis, Day and Hunter, inayamba kugulitsa nyimbo pa mapeni 6, kusonyeza kuti mtengo wakale uja ukanatha kutsika kalekale. Mphunzitsi wa kumudzi amene ali ndi buku limodzi lokha la ana 40 adzamva dandaulo la Willetts msanga kuposa woweruza wa mu London.

Nanga nkhani ya ku Ulaya imeneyi inafika bwanji kwa ife? Mbali ina inabwera ndi lamulo. Mu 1911 boma la Britain linasonkhanitsa malamulo ake a umwini kukhala limodzi, lonena kuti umwini ukhale moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 atamwalira, ndipo lamulolo linafalikira m'maiko olamulidwa ndi Britain, South Africa ndi Northern Rhodesia yemwe. Mbali ina inabwera ndi kalembedwe ka tonic sol-fa, ka d, r, m, f, s, l, t, kamene mumaona pabolodi. Anakayambitsa ndi mai wina wa ku Norwich, Sarah Glover, ndipo mbusa John Curwen anakakonza ndi kukafalitsa kuyambira mu 1841. Amishoni anakakonda cifukwa sikafuna mapepala a mizere kapena zilembo zapadera. Choko ndi bolodi zikwanira. Motero kuno kwathu pepala la nyimbo linakhala buku lolembamo la kusukulu.

M'buku lotere ndimo munalembedwa nyimbo imene inu nonse mumaimba maimbidwe ake mutaima pamzere m'mawa. Enoch Sontonga anali mphunzitsi ndi woimbitsa kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg. Mu 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika, ndime imodzi ndi kolasi yake, m'cinenero ca Cixhosa. Kumanenedwa kuti ankalemba nyimbo zake mu sol-fa, nazisonkhanitsa m'buku lolembamo ndi colinga cakuti adzazisindikize, koma imfa inamtenga mu 1905 asanatero, ndipo bukulo, pobwerekedwa ndi oimbitsa makwaya, linasowa. Nyimbo imodziyo inapulumuka cifukwa anthu anali ataikopera kale ndi kuiloweza. Kwaya ya sukulu ya Ohlange ku Natal inaiimba m'maulendo ake. Sol Plaatje anaijambulitsa pa rekodi ku London mu 1923. Wandakatulo Samuel Mqhayi anaonjezera ndime 7 mu 1927. Inatembenuzidwa m'zinenero zambiri, nikhala nyimbo ya anthu omenyera ufulu.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 24 October 1964, maimbidwe a Sontonga ndiwo anakhala a nyimbo ya fuko lathu, ndipo mau amene timaimba lero ndi athuathu, osati ake. Dziko la Tanzania linacita cimodzimodzi, ndi mau a Ciswahili. Kodi tinaba? Werengani nokha: 1905 kuonjezera 50 ndi 1955. Pofika mu 1964 maimbidwewo anali kale a anthu onse, ndipo aliyense anali womasuka kuikapo mau atsopano. Koma dzina la wopeka silitha ndi zaka 50. Manda a Sontonga ku Braamfontein anaiwalika kwa nthawi yaitali, ndipo analemekezedwa monga malo a cikumbutso ca dziko mu 1996. Mwana aliyense wa m'Zambia ayenera kudziwa kuti maimbidwe amene amaima nao cilili anacokera m'mutu mwa mphunzitsi wa pasukulu, munthu wa choko ndi bolodi monga aphunzitsi anu.

Kukopera kunapulumutsa nyimbo ya Sontonga, koma kunamana munthu wina wa mumzinda womwewo cuma cake. Solomon Linda, Mzulu wocokera ku Natal, anajambula nyimbo yake yochedwa Mbube, kutanthauza mkango, ndi gulu lake la Evening Birds pa kampani ya Gallo ku Johannesburg mu 1939. Kumanenedwa kuti analandira mashilingi 10 basi. Marekodi ake anagulidwa kwambiri, ndipo imodzi inakafika ku America m'manja mwa woimba Pete Seeger. Iye anaimvetsera, nailemba papepala, ndipo popeza Cizulu sanacimve bwino anaicha Wimoweh. Gulu lake la Weavers linaijambula mu 1951, ndipo inalembetsedwa m'dzina la Paul Campbell, munthu amene kunalibe, dzina longopeka limene ankaika pa nyimbo zoyesedwa za makolo zopanda mwini. Mu 1961 anthu ena anaikapo mau a Cingerezi, naicha The Lion Sleeps Tonight, ndipo inamveka pa dziko lonse lapansi. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi.

Taonani kuti zimene woweruza wa mu 1835 anakana ndizo zinacitika pa nyimbo imeneyi. Anasintha dzina, anasintha mau, anasintha zoimbira, koma khutu limamvabe Linda. Cimene cinamgwetsa ndi maganizo akuti nyimbo yocokera ku Africa ilibe mwini, ndi kuti woyamba kuilemba papepala ndiye aitenge. Koma mlandu suola. Mu 1994 nyimboyo inamvekanso m'kanema wa The Lion King. Mu 2000 mtolankhani Rian Malan analemba mbiri yonse ya ulendo wake ndi ya ndalama zake, ndipo maloya anakumbukira kandime kena ka m'lamulo lija la 1911, konena kuti ngakhale wopeka atagulitsa umwini wake, umabwerera kwa olowa m'malo ake patapita zaka 25 iye atamwalira. Anasuma mu 2004, ndipo mu 2006 kampani ya ku America imene inkasunga umwini wa nyimboyo inavomera kulipira banja lake ndi kulemba dzina la Linda pakati pa opeka. Panali patapita zaka 44 iye ali m'manda.

Tsopano tibwere kwathu. Dziko la Zambia linalowa mu 1992 m'pangano la maiko limene linayambira ku Berne, m'dziko la Switzerland, mu 1886, lakuti dziko lililonse liziteteza opeka a maiko ena monga limatetezera ake. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo yathu inakhazikitsa lamulo lochedwa Copyright and Performance Rights Act, limene linaika umwini pa moyo wa wopeka ndi zaka 50 kucokera kumapeto kwa caka cimene wamwalira. Lamulo limeneli silinaiwale sukulu. Linalola mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kukopera pa nthawi ya phunziro, malinga ngati sagwiritsa nchito makina otulutsa mapepala ambiri, ndiponso linalola kukopera pokonza mafunso a mayeso. Motero inu aphunzitsi, kulemba sol-fa pabolodi kuti ana akopere m'mabuku mwao ndi cinthu cololedwa. Kunyamula buku kupita nalo ku makina a fotokope ndi kutulutsa mapepala 40 a kwaya ndi nkhani ina, yofuna cilolezo ca mwini. Kujambula tsamba ndi foni ndi kutumizira gulu lonse nakonso ndi kuculukitsa, ngakhale palibe pepala logwirika.

Kusintha nako kuli ndi malire omwewo. Kutembenuza mau a nyimbo ya wina kupita m'Cinyanja, kugawa nyimbo ya liu limodzi kukhala ya mau anai, kapena kuika mau a tsiku la makolo pa maimbidwe amene mwamva pa wailesi, zonsezi ndi za mwini kulola, ngati nthawi yake isanathe. Palibe wapolisi adzabwera m'kalasi cifukwa mwatsitsa nyimbo pang'ono kuti mau a ana afikire. Koma mukafuna kuilemba mwatsopano ndi kuigawira masukulu ena, kupita nayo ku mpikisano, kapena kuijambulitsa, lembani kalata kwa osindikiza amene keyala yao ili pa masamba oyambirira aja. Ena amapempha ndalama, ena amalola ulere akamva kuti ndi za sukulu. Pa zoimba nyimbo pagulu ndi pa wailesi, bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhanitsira opeka malipiro ao. Nyimbo zambiri za m'mabuku akale a chalichi, zimene eni ake anamwalira kalekale, ndi zomasuka. Cofunika ndi kuona ngati mau otembenuzidwa kapena magawidwe a mau si atsopano.

Pali mbali imodzi imene malamulo ocokera ku Ulaya sanaione bwino, ndiyo nyimbo ya pamtondo ija, imene wopeka wake sadziwikanso koma mudzi wonse umaiyesa yao. Mu 2016 dziko lathu linakhazikitsa lamulo lapadera loteteza nzeru ndi miyambo ya makolo, nyimbo ndi magule omwe, kuti munthu asazitenge ndi kuzigulitsa monga zake popanda kufunsa eni mwambo. Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wochuka wa pa wailesi ya mu Lusaka, anaima pakati pa mbali ziwirizi, pakuti nyimbo zina anapeka yekha, zina anazitola m'midzi nazikonza kuti ziimbidwe ndi gitala. Iye anamwalira mu 1978. Ana inu, tengani mapensulo muwerenge monga tinacitira ndi Sontonga, potsata zaka za m'lamulo la 1994, caka cimene nyimbo zopeka yekha Nkhata zikhala za anthu onse. Mukafika kunyumba mukafunse agogo anu nyimbo imodzi ya pamtondo, ndi dzina la munthu amene iwo anaimva kwa iye poyamba, ndipo mudzabwere nazo kusukulu zolembedwa.